A DENNIS LIWEWE ANALI MASO A ANTHU A KUMIDZI

Mwezi wa Epulo uli ndi masiku awiri amene okonda mpira wamiyendo m'dziko la Zambia saiwala. Pa 27 Epulo 1993 ndeke ya asilikari imene inanyamula timu ya dziko lino inagwera m'nyanja yamcere pafupi ndi mzinda wa Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 amene analimo anathera pomwepo. Pa 22 Epulo 2014, kutatsala masiku asanu kuti mtundu ukumbukire ngozi ija, a Dennis Liwewe, mtolankhani ndi muulutsi amene anachula maina a anyamatawo pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema kwa zaka zambiri, anatsikira kuli cete mu Lusaka ali ndi zaka 78. Papita tsopano zaka zoposa khumi, ndipo ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi kwakula ana amene dzina limeneli amangolimva kwa makolo ao. Ncifukwa cake tsamba lino laona kuti nkoyenera kulongosola kuti akuluwa anali yani, anawacitira ciani anthu a kumidzi, ndiponso kuti ulemu wowayenera ndi wotani.

A Liwewe anabadwa pa 10 Januwale 1936 m'dziko la Nyasaland, limene lero licedwa Malawi. Monga anyamata ambiri a masiku amenewo, anatsata njira ya kumigodi, nafika ku Northern Rhodesia ca m'ma 1960, nthawi imene maiko awiriwa pamodzi ndi Southern Rhodesia anali omangidwa m'citaganya ca atsamunda. Ku Chingola iwo sanatsike pansi kukakumba mkuwa, koma anagwira colembera nayamba kulemba nkhani m'nyuzipepala ya mgodi wa Nchanga. Motero asanadziwike ndi mau ao anayamba aphunzira mwambo wa mtolankhani, ndiwo kufunsa, kuona ndi maso ndi kulemba dzina la munthu mosaphonya. Pambuyo pake anakwera pa udindo m'cigawo cofalitsa nkhani ca makampani a migodi, ndipo anali kutumizanso nkhani za masewera ku wailesi ya BBC ku London. M'caka ca 1977 Mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, anawaveka mendulo ya ulemu yochedwa Order of Distinguished Service. Ndiwonso amene anacha timu ya dziko dzina lakuti KK XI, limene inadziwika nalo kufikira pamene dzina la Chipolopolo linalowa m'malo mwake.

Kuti kukula kwa nchito yao kumveke bwino, m'pofunika kukumbukira mmene nkhani zinali kufikira kumidzi masiku amenewo. Wailesi inayamba kuulutsa mau mu Lusaka m'caka ca 1941, m'kati mwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka mabatire kooneka ngati poto, kamene Azungu anakacha Saucepan Special, ndipo ndi kameneka kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu wamba. Wailesi ya kanema inayambira ku Kitwe mu 1961, koma kwa zaka zambiri inali ya anthu a m'matauni a m'mbali mwa njanji, kumene kunali magetsi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Katete pali mtunda wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East, ndipo kufika ku Vubwi ulendo upitirira. Mlimi wa nshawa wa kwa Kawaza kapena wa thonje wa kwa Nyanje analibe ciyembekezo coti adzakhala pa bwalo la Independence mu Lusaka kapena la Dag Hammarskjöld ku Ndola, ndiponso analibe kanema woti aonerepo. Cimene anali naco ndi khutu.

Akulu amene lero ali ndi imvi akumbukira mmene tsiku la mpira linali kukhalira. Wailesi inali ya aphunzitsi, ya mwini golosale, kapena ya munthu amene anabwera nayo pocokera kumigodi. Mabatire anali kuwasunga sabata yonse, ena kuwaika padzuwa kuti mphamvu ibwereremo pang'ono, ndipo mwana wogwira wailesi popanda cilolezo anali kuona zakuda. Nthawi ikakwana amuna anali kusiya makasu, anyamata kubweza ng'ombe msanga, onse nkuzungulira kabokosi kaja pansi pa mtengo wa mango. Nzosadabwitsa kuti katswiri womwetsa zigoli wa Kabwe Warriors, Godfrey Chitalu, amene anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi ca 1972, anapatsidwa dzina lakuti Ucar, limene linali dzina la mabatire. Mtundu umene unali kuonera mpira ndi makutu unadziwa bwino mtengo wa batire losatha msanga.

A Liwewe anali kuulutsa m'Cingelezi, cinenero cimene ambiri mwa omvera a kumidzi sanacidziwe kwenikweni. Komabe nkhalamba yosapita kusukulu inali kudziwa kumene mpira uli. Mau ao anali kuyenda pamodzi ndi mpira: akamayankhula modekha ndiye kuti uli pakati pa bwalo, akayamba kuthamanga ndi kukwera ndiye kuti wafika pafupi ndi golo, ndipo akasweka ndi mfuu mudzi wonse unali kudumpha womasulira asanatsegule pakamwa. Anali kuchula wosewera aliyense ndi dzina lake, mmodzi ndi mmodzi, mwa liwiro lodabwitsa, kotero kuti anyamata a ku Mufulira, ku Kitwe ndi ku Luanshya anasanduka ngati ana a pamudzi kwa anthu amene sanaonepo nkhope zao. Ngakhale kumene kanema anafika, mau amenewa ndiwo anali kupereka moyo ku zithunzi. Luso lotere silibwera lokha. Munthu sangachule maina 22 pa liwiro lotero asanakhale pansi ndi kuwaphunzira, ndipo paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Alipo amene anganene kuti mpira ndi masewera cabe, ndipo kuti tsamba limene liyenera kukamba za feteleza, misika ya cimanga ndi zipatala lisataye malo pa munthu woulutsa masewera. Enanso anganene kuti a Liwewe sanali kubisa mbali imene anali, popeza mtima wao wonse unali pa timu ya Zambia, pamene mtolankhani ayenera kuima pakati. Mau awiri onsewa ali ndi coona cake, koma safika pa tsinde la nkhani. Dziko limene linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964 linali la mitundu 73, ndipo mau akuti One Zambia, One Nation anafunika cinthu cogwirika coti aimepo. Kwa mphindi 90 Mcewa wa ku Katete, Mnsenga wa ku Sinda, Mlozi wa ku Mongu ndi Mbemba wa ku Kasama anali kumvera mau amodzi, kuopa pamodzi ndi kusekera pamodzi. Kunena za kukondera, nzoona kuti anali kukondwa poyera ndi kudandaula poyera, koma cigoli ca adani anali kucinena kuti ndi cigoli, ndipo kugonja anali kukucha kugonja. Womvera anali kudziwa kuti cimene wamva ndico cacitika, ndipo cuma ca mtolankhani ndi cimeneci.

Masiku akulu a timu ya dziko anagwa m'zaka zimene akuluwa anali pa nchito. Mu 1974 Zambia inafika pa mpikisano wotsiriza wa cikho ca Africa ku Cairo, nilingana mphamvu ndi Zaire zigoli 2 kwa 2, koma pobwereza masewerawo inagonja 2 kwa 0. Mu Sepitembala 1988, pa masewera a Olympic ku South Korea, inacititsa manyazi Italy poicinya 4 kwa 0, Kalusha Bwalya namwetsa zitatu yekha. Kenaka kunadza tsoka la 1993. Ndeke ija inali pa ulendo wa ku Dakar kukakumana ndi Senegal, ndipo inatenga osewera 18 pamodzi ndi aphunzitsi ao, Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Kwa anthu ambiri amenewa anali maina okondedwa. Kwa a Liwewe anali anyamata amene anawadziwa pamaso, nayenda nao maulendo. Matupi ao anaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence, pa malo ochedwa Heroes' Acre.

Cimene cinatsatira cidziwika kwa onse. Timu yatsopano inamangidwa mofulumira, ndipo pa 4 Julayi 1993 inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 pa bwalo lomwe lija, mamita owerengeka kucokera ku manda a anzao. Mu 1994 inafika pa mpikisano wotsiriza wa cikho ca Africa ku Tunis, kumene Nigeria inapambana 2 kwa 1. Cikho cenicenico cinacedwa, koma cinafika. Pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwe uja wa Libreville, anyamata a Hervé Renard, motsogozedwa ndi Christopher Katongo, anagonjetsa Ivory Coast pa mapenati 8 kwa 7, Stoppila Sunzu namwetsa yotsiriza. Mulungu anawasunga a Liwewe kufikira tsiku limenelo. Anaona ndi maso ao cimene anacilalikira kwa zaka makumi, ndipo patapita zaka ziwiri anapumula.

Pali mbali ina ya moyo umenewu imene anthu a Cigawo ca Kum'mawa angaimve koposa ena onse. Munthu amene anakhala mau a Zambia anabadwira kutsidya kwa malire. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ngakhale kuti kuno kum'mawa nkobvuta kumucha mlendo munthu wocokera ku Malawi. Boma la Vubwi ligundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi malume mbali iyi ndi azakhali mbali inayo. Caka ndi caka, pa Ciweru cotsiriza ca Ogasiti, mafumu a Acewa a maiko atatu asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu 2007 atsogoleri atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa mwambowo. Moyo wa a Liwewe uonetsa kuti dziko lipindula pamene liyesa munthu ndi nchito ya manja ace, osati ndi mudzi umene mcombo wake unagwera.

Tsono funso ndi lakuti munthu wotere alemekezedwa motani. Mau okoma a pamaliro ananenedwa mu 2014, ndipo anali oyenera, koma mau a pamaliro auluka ndi mphepo. Ulemu woyamba ndi kusunga mau ao enieniwo. Nchito ya mlembi itsala pa pepala, koma ya muulutsi ikhala pa tepi, ndipo tepi ndi cinthu coola: cinyezi ciiwononga, kutentha kuimata, ndipo makina oiliza asowa caka ndi caka. Tizidutswa tina ta mau a a Liwewe tipezeka pa intaneti, koma tizidutswa si nkhokwe. Bungwe la ZNBC, limene linalowa m'malo mwa Zambia Broadcasting Services mu 1988, pamodzi ndi nyumba yosunga mbiri ya National Archives of Zambia ndi bungwe la mpira la FAZ, ayenera kusonkhanitsa zonse zimene zilipo, kuzisamutsira pa makompyuta, ndi kuzipereka ku mawailesi a m'maboma kuti ana azimve. Mabanja amene ali ndi makaseti akale m'masutukesi asawataye pamodzi ndi zinyalala.

Citsanzo cilipo pafupi. A Julius Chongo anakometsa madzulo a omvera Cinyanja ndi nthano zao za pa wailesi zochedwa Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Nthano zimenezo zikanatha pamodzi ndi mbadwo umene unazimva, koma mphunzitsi wina, a Ernst Wendland, anakhala pansi ndi matepi, nazilemba, nazisindikiza m'buku. Lero wophunzira angathe kuziwerenga cifukwa munthu mmodzi anaona kuti mau a pa wailesi ndi cuma coyenera nkhokwe. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pali wowasunga.

Ulemu waciwiri ndiwo waukulu, ndipo ukhudza maboma atatuwa mwacindunji. A Liwewe anatenga zocitika za kutali nazifikitsa kumudzi. Nchito imene yatsala ndi yotembenuza njira, kutenga zocitika za kumudzi ndi kuzifikitsa ku mtundu wonse. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Sinda kucokera ku mbali za Katete ndi Petauke, Vubwi kucokera ku Chadiza. Koma boma silikwanira ndi maofesi okha; lifunikanso maso ndi pakamwa. Makamera afika mwaunyinji ku Mkaika nthawi ya Kulamba, kudzajambula Gule Wamkulu amene bungwe la UNESCO linamzindikira mu 2005, ndipo afikanso pamene kwabwera nduna. Mwambo ukatha ndi fumbi la magalimoto likatsika, abwerera. Koma moyo wa anthu uli m'miyezi ina khumi ndi umodzi: mlatho wokokoloka m'dzinja, mai woyenda mtunda wautali kupita ku cipatala ca St Francis kapena ca Nyanje, mlimi wodikira malipiro a cimanga cake, mtsikana wocotsedwa pa sukulu kukakwatiwa, ndiponso kalabu ya amai imene yapambana pa ulimi wa soya popanda woiyamika.

Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa kufunika kwa nkhani yocokera pa malo penipeni. Thandizo lilondola kumene kwamveka kulira, ndipo mudzi umene palibe wounenera ukhala kumapeto kwa mzere. Zida zilipo kuposa kale. Wailesi ya Breeze FM inatsegulidwa ku Chipata mu 2002, ku Katete kunakhazikitsidwa wailesi ya Mphangwe, magetsi a dzuwa alowetsa kanema m'midzi imene mawaya sanafike, ndipo lamya ya m'manja ijambula zithunzi zimene kale zinafuna galimoto lodzaza makina. Koma cida si mtolankhani. Lamya yomweyo ifalitsa bodza m'kamphindi, ndipo mphekesera za ufiti kapena za ndale zapsetsa mitima m'midzi yambiri. Cosowa ndi anthu ophunzitsidwa, olankhula Cinyanja ndi Cinsenga comveka, okhala pakati pa anthu, amene afunsa mbali zonse ziwiri asanatsegule pakamwa.

Pa cifukwa cimeneci aliyense ali ndi gawo lake. Masukulu a sekondale monga Chassa ndi Katete alimbikitse magulu a ana olemba nkhani, ndipo pa masewera a sukulu mwana mmodzi apatsidwe mpata woulutsa mpira m'cinenero ca makolo ake. Makolo asamuone ngati wosocera mwana wofuna kukaphunzira utolankhani ku Evelyn Hone College, ku ZAMCOM kapena ku University of Zambia, ndipo makhonsolo akumbukire ana otere pogawa thandizo la maphunziro. Nyumba zoulutsa mau ndi zithunzi ziike atolankhani okhazikika m'maboma ano ndi kuwalipira mokwanira, pakuti mtolankhani wanjala agwa msanga m'manja mwa womdyetsa. Mafumu, a Mbang'ombe, a Kawaza, a Kathumba, a Nyanje ndi a Pembamoyo, pamodzi ndi nduna zao ndi mafumu a midzi, amlandire wofunsa mafunso monga mwana wa mudzi, ngakhale funso lake likhale lowawa. Akulu a maofesi akumbukire kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu Disembala 2023, ndipo kuyankha mtolankhani ndi kuyankha anthu amene iye awaimira.

Nao atolankhani acinyamata atengepo phunziro. Kutengera kafuulidwe ka a Liwewe nkosabvuta, ndipo ana ambiri acita zimenezo pa mabwalo a mpira wa nsanza. Cobvuta ndi kutengera zimene zinali pansi pa mfuuyo: kukonzekera, kudziwa maina a anthu, kufika pa malo, kukonda omvera, ndi kunena cimene caoneka ngakhale mtima ufuna cina. Mwana wao, a Ponga Liwewe, anatsata mapazi a atate ao pa nkhani za mpira, koma colowa ca akuluwa si ca banja limodzi. Ndi ca mnyamata kapena mtsikana aliyense amene adzaima pa mlatho wa ku Vubwi kapena pa msika wa Sinda ndi kuuza dziko zoona za kwao.

Wailesi ya pansi pa mtengo wa mango inapita ndi nthawi yake, ndipo palibe wofuna kubwerera ku masiku oika mabatire padzuwa. Koma ngongole ya masiku amenewo ikalipo. Kwa zaka zambiri anthu a Katete, Sinda ndi Vubwi anaona dziko lao kupyolera m'maso a munthu mmodzi amene sanawanamize. Adzabweza ngongoleyo posunga mau ake, ndi polera ana ao amene adzacititsa kuti dziko nalo liwaone iwo. Mzimu wa malemu a Dennis Liwewe uuse mu mtendere.